Nthochi Imene Inatsala M'malele

A Josphat Chomba anakhala pa chikamwini zaka zambili, moti ana a m'mudzimo ankayesa kuti ndi mbadwa. Akuluakulu okha ndiwo sanaiwale. Bambo awo a Josphat anachokela kumpoto kudzakumba golide ku Sasare, ndipo mgodi utatha anangotsala, n'kukwatila ku Minga. Choncho kwawo kwa a Josphat kunali ku Minga, mbali ya Petauke, koma nyumba, munda ndi mkazi zinali ku Nyimba, pa nthaka ya eni ake. Mkaziyo anali Lillian. Mwana sanaoneke m'nyumbamo, ndiye panalibe munthu amene anawaitanapo kuti atate a uje. Anali a Chomba tsitsi lili lakuda, anali a Chomba imvi zili mbuu.

Lillian anali ndi mlongo wake dzina lake Hilary, mwini mbumba, munthu wa kagolosale ndi mimba yotsogola. Hilary sanawafune a Chomba kuyambila tsiku la ukwati. Anali ndi mawu ake amene ankawabweleza pa mowa, pa malilo, ngakhale potuluka ku Misa: "Ife tinapeleka munda wabwino kwa munthu wopanda mbewu." A Chomba ankamva. Ankangoyang'ana pansi n'kumakukuta mano, poti mkamwini akayankha, mlandu umasanduka wake.

Lillian ankagulitsa nthochi pa msewu waukulu, pamene amaima mabasi a ku Chipata ndi a ku Lusaka. Ntchito imeneyo ndi yodikila. Basi ikafika mumathamanga beseni lili pamutu, kukankhana ndi anzanu pa mawindo. Ikapita mumakhala pansi n'kumaingitsa ntchentche mpaka ina ibwele.

Chaka china, nyengo yozizila ili pafupi, Lillian anawagulila a Chomba jekete ya salaula, zovala zija zovalidwapo kale zochokela kunja. Asanaiviike m'madzi anapisa m'matumba, ndipo m'thumba la mkati anapezamo kachinthu kotuwa, kukula kwake ngati chidutswa cha sopo wochapila. Kanali ndi kagalasi kokalikakalika ndi mabatani ofufutika. Wokonza mawailesi pa msika anaikamo mabatili, nati imeneyi ndi gemu yakalekale, ana amene ankaisewela kumene inachokelako tsopano ali ndi zidzukulu.

Mu kagalasimo munkagwa zakudya kuchokela kumwamba, chimodzichimodzi. Munkagwa buledi, nsomba yopindika, mazila ogundana, china chokhota chimene Lillian sanachidziwe nangochitcha chinangwa, ndiponso nthochi yaitali yowongoka. Ntchito ya wosewela inali kuzikankhila uku kapena uko, kuzitembenuza, kuti zikhale mothinana osasiya mpata. Mzele ukadzaza kuchokela khoma ili kufika khoma ilo, unkazimililika, kanyimbo n'kulila. Pamenepo Lillian ankati, "Zagulidwa." Ukachedwa, zakudya zinkaunjikana mpaka kudenga, ndiye kuti zatha. Apo ankati, "Katundu waola," n'kuyambanso. Kachinthuko anakatcha kantemba, monga timatchulila tija timasitolo ta m'mbali mwa msewu.

A Chomba anadana nako kantembako. Kankalila pa khonde, kankalila ku munda nthawi yopuma, kankalila ndiwo zili pamoto mpaka kupselela.

"Mai wamkulu ngati inu, kumasewela za ana," ankatelo.

"Ana ake ati, a Chomba? Mwawabisa kuti? Atulutseni ndiwapatse."

Mawu amenewo ankatseka pakamwa onse awili. Koma a Chomba sankachoka. Ankakokela mpando pafupi, n'kumanamizila kusoka nsapato kapena kukonza mpini, diso limodzi lili pa kagalasi. Anaona kuti Lillian anali ndi kasewelo kake. Ankaunjika zakudya mbali yonse, koma kudzanja lamanja, m'mbali mwa khoma, ankasiya dzenje lopapatiza, lakuya.

"Bwanji osatseka dzenjelo? Mufa nalo."

"Ndi malo a nthochi. Ikalowa choimilila imanyamula mizele inayi nthawi imodzi."

"Nanga ikapanda kubwela?"

"Ndadikila zambili zimene sizinabwele, a Chomba. Iyi ndiye imabwela."

Tsiku lina Lillian anawachenjeza, chala chili m'mwamba. Kanali ndi kabatani pambali, ukakadina chilichonse chinkaima pomwepo, kagalasi n'kugona, ndipo ukakadzutsa unkapeza zonse mmene unazisiyila. "Koma mukadzachotsa mabatili anga kuti muike mu tochi yanu, zonse zidzafufutika, ndipo inu ndi ine tidzaonana. Madzi nawonso, osayelekeza."

Lillian anagwa mwezi wa Okutobala, dzuwa lili pa liwombo. Anali atadandaula mutu kuyambila m'mawa, koma nthochi zinali zitapsa, sizikanadikila. Basi ya ku Chipata itaima anathamanga ndi anzake, anakweza beseni pa windo, kenako miyendo inangopinda. Anamunyamulila ku chipatala, ndipo sanalankhulenso. A Chomba anafika thukuta lili kamukamu, anapeza atamuphimba kale kumaso.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, mnzake wogulitsa naye, amai Mbumwae, anabweletsa zimene zinatsala pamsewu: beseni lophwanyika mlomo, nkhata, patapata imodzi. Kantemba anakatulutsa pa chifuwa, n'kuwapatsa a Chomba m'manja anthu asakuona.

"Anali pakati posewela pamene basi inafika," anatelo. "Ndinaona akudina pambali, n'kukaika pa thumba limene ankakhalapo."

A Chomba anapita kuseli kwa nkhokwe. Anadina kabatani kaja. Kagalasi kanadzuka. Zakudya zinali zitaunjikana kufika pafupi ndi denga, mulu waukulu wothinana bwino, wopanda kampata ngakhale kamodzi. Kudzanja lamanja kunali dzenje lija, lakuya kufika pansi. Ndipo pamwamba penipeni, chogona, itangotulukila kumene, panali nthochi. Inali itabwela. Lillian anaiona, basi inaliza hutala, iye n'kuiimika m'malele kuti adzailowetse akabwela ku windo.

A Chomba anayang'ana mpaka maso anachita nkhungu. Kenako anakagoneka, nakaika m'thumba la mkati la jekete, momwe kanachokela.

Malilo onse a Chomba anavala jekete imeneyo, kutentha konse kuja kwa Okutobala. Anthu ankanong'onezana kuti chisoni chawasokoneza mutu. Iwo dzanja linali pa chifuwa basi. Akapeza mpata ankazembela kuseli kwa nkhokwe kukaona ngati nthochi ikadalipo. Inalipo. Koma kanyali kofiila ka pakona kankaoneka kofooka kuposa dzulo lake, ndiye anasiya kukadzutsa pafupipafupi. Zimene akanachita mabatili akadzatha sanazidziwe, ndipo sanafune kuziganiza. Chimene ankadziwa n'chakuti m'dziko lonse, malo amodzi okha ndi amene Lillian anali asanamalize, ndipo malowo anali m'thumba mwawo.

M'mawa mwake ataika malilo, abale anasonkhana kugawa katundu. Anayala mphasa pansi pa mango amene a Chomba anabzala okha chaka chimene analowa m'mudzimo. Wogwila mwambo anali amai Rabecca, mng'ono wa amai ake a Lillian, nkhalamba youma ngati chikuni, yosamva bwino khutu limodzi ndiponso yosapilila. Pabanja pawo mwambo unali wotele: zovala ndi mabulangete ankaziwaza madzi a mankhwala ndi kanthambi ka masamba, koma chilichonse chimene womwalila ankachigwila m'manja tsiku ndi tsiku ankachimiza chonse m'madzimo, kuti manja ake asiye. Chikapanda kumizidwa, ankati mwini wake amachilondola kulikonse kumene chapita, ndipo sagona.

Madziwo anawathila m'beseni lomwe lija la nthochi. Mkazi wa Hilary anakhala pafupi nalo, akuliyang'ana ngati mmene galu amayang'anila fupa lili m'manja mwa munthu. Amai Rabecca anamiza mpeni wodulila nthochi, anamiza kapu ya chitsulo, chipeso, kolona, singano yosokela matumba. Chilichonse chikatuluka m'madzi, Hilary ankatchula mwini wake watsopano. A Chomba anakhala patali pang'ono, pa muzu wa mango. Palibe chimene chinapita kwa iwo, ndipo sanayembekeze.

Mphasa itatsala pang'ono kuyela, Hilary anatembenuka.

"Alamu, pali chimodzi chimene sindikuchiona pano."

A Chomba anaika dzanja pa chifuwa.

"Alamu, ndikulankhula ndi inu. Kaja kolilalila. Pamsewu palibe, m'nyumba tasesa mulibe. Kapena kanamela miyendo?"

"Kali ndi ine."

"Ehe. Bweletsani."

"Kameneka kanabwela m'thumba la jekete yanga."

"Jeketeyo anagula ndani?" Hilary anayang'ana anthu kuti aseke, ndipo ena anaseka. "Inu munagulapo jekete chibadwile? Ngakhale thumba lakelo si lanu."

Zaka zonse zija a Chomba sanapemphepo kanthu kwa munthu ameneyu, koma tsopano anapempha.

"Alamu, tengani njinga. Tengani mbuzi, malata, chimanga chili m'nkhokwemo. Sindidzatsegula pakamwa. Ndisiyileni aka kokha."

"Mukundipatsa zanga zomwe? Njingayo yapita kale kwa mphwanga. Mlendo ndi mame, alamu, dzuwa latuluka. Mwadya pano zaka zonsezi, simunatisiyile ngakhale kamwana kamodzi koti kadzasese pa manda, lelo mufuna kutuluka ndi katundu wa mbumba m'thumba?"

"Akuti chiyani?" anafunsa amai Rabecca, akutembenuza khutu labwino.

"Akukana nako kachinthu ka malemu, amai."

Amai Rabecca sanawayang'ane a Chomba kumaso, poti anali apongozi awo. Analankhula akuyang'ana m'beseni. "Apongozi, musatitayitse nthawi. Dzuwa likukwela ndipo ine msana ukundipweteka. Mwana wanga ankakagwila kameneko kuposa khasu. Kabwele kuno kalowe m'madzi."

"Amai, madzi akapha."

"Akuti?"

"Akuti madzi akapha," anatelo Hilary mokweza. "Bodza la mkamwini. Kapu yafa? Kolona yafa? Wailesi ya malume tinaisambitsa chaka chija, mpaka lelo ikulila ku golosale kwanga."

"Wailesi munangoiwaza," anatelo a Chomba. "Kawazeni nakonso, ine ndikagwila, muwaze kumsana kwake."

"Wailesi malume ankaimva ndi makutu," anayankha amai Rabecca. "Aka ndi ka m'manja. Za m'manja zimamila. Sindinayambe ndine mwambo umenewu, ndipo sudzathela pa ine chifukwa cha kachidole."

Apo a Chomba ananena chimene sanafune kunena pagulu. Ananena motsitsa, akuyang'ana zala zawo za kumapazi.

"Muli masewela ake osatha. Anangoimika, kuti adzapitilize akabwela ku basi. Zonse zili mmene anazisiyila. Mukakamiza, zifufutika."

Mai wina kumbuyo anachita chizindikilo cha mtanda. Amai Rabecca anaika kanthambi pansi.

"Ndiye mwanena nokha, apongozi. Manja ake akadali mmenemo. Inu mufuna mupite nawo ku Minga, mwana wanga azikulondolani m'misewu, asagone? Mwamusunga m'thumba ngati fodya masiku onsewa ife tikulila? Mulibe chisoni inu?"

"Chisoni achidziwile kuti," anatelo mkazi wa Hilary. "Anthu osabeleka mitima yawo imakhala ina."

Hilary anali ataimilila kale. Anafika pa muzu paja n'kugwila jekete pa kolala. A Chomba anagwila dzanja lakelo. Amuna awili a imvi anayamba kukokana ngati ana olimbilana chimanga chootcha, fumbi koboo, mabatani a jekete akuthothoka. Palibe amene anawaleletsa. Amene anaimilila anaimilila kuti aone bwino. A Chomba anali ndi mphamvu za khasu, koma anali asanadye bwino chiyambile malilo, ndipo Hilary anali wolemela. Anawapanikiza pa thunthu la mango ndi mimba, napisa m'thumba, natulutsa kantemba.

Anabwelela m'mbuyo akupuma mwa befu, akukatembenuzatembenuza. "Kachinthu konyansa chonchi ndi kamene mukufela? Kazikhala pa kauntala panga aka, makasitomala azisewela podikila chenji." Anakatembenuza kumsana, chikhadabo chili pa kachitseko. "Tiyambe tachotsa mabatiliwa, asanyowe."

"Hilary."

Aka kanali koyamba a Chomba kumutchula dzina lake lokha, popanda ulemu uliwonse. Chikhadabo chinaima.

"Ukatsegula pamenepo, mmodzi wa ife amutsatila Lillian lelo lomwe. Sindikusamala kuti ndani."

A Chomba sanakweze mawu. Anali atatola mpeni uja wodulila nthochi pa mphasa, ukadali wonyowa, ndipo anaugwila mozolika, osauloza munthu. Anthu amene anali pafupi anasendela m'mbuyo. Hilary anayesa kuseka koma kuseka sikunatuluke bwino.

"Mwamva nonse? Mwamva mmene akuopsezela mwini mudzi?"

A Chomba anatembenukila kumene kunali amai Rabecca, nagwada bondo limodzi, naika mpeni pansi.

"Amai, sindikukana mwambo. Mukuti manja ake asiye. Asiya bwanji ntchito ili pakati? Ndipatseni ndimumalizile. Ndikamaliza, ndikaponya ndekha m'madzimo."

Amai Rabecca anatulutsa kabotolo ka fodya wa m'mphuno, nanunkhiza, nayetsemula.

"Munthu akafa atasiya mphika pamoto, sitiutaya, timauphula," anatelo. "Hilary, apatse. Koma apongozi, mukatinamiza, ndikutembelelani ndi pakamwa panga pano."

Hilary anakaponya pa mphasa m'malo mowapatsa m'manja. "Sewelani, alamu. Tione ngati pali chimodzi chimene mumatha kulowetsa pamalo pake."

Amuna ena anaseka chamumtima, akazi anayang'ana kumbali. A Chomba anatola kantemba, nakapukuta fumbi ndi malaya, nakhalanso pa muzu. Zala zawo zinali za khasu, zokakala, zonenepa kumapeto, moti chala chimodzi chinkaphimba mabatani awili. Anali asanasewelepo ngakhale tsiku limodzi. Maso okha ndiwo anaphunzila, zaka zonse zija akusoka nsapato zosang'ambika.

Anakadzutsa. Kanyali kofiila kanali ngati khala lotsala m'phulusa. Mulu unalipo, dzenje linalipo, nthochi inalipo. Anthu anaunjikana kumbuyo kwawo, ngakhale amene ankaseka aja. Amai Mbumwae anakankha anzawo mpaka anafika pa phewa pawo.

A Chomba anadina.

Kanyimbo kanayambila pamene kanalekela, pakati pa mawu. M'makutu mwawo zinali ngati munthu watsegula chitseko cha khitchini. Nthochi inayamba kutsika, osati mwaulesi ngati poyamba masewela, koma ndi liwilo la kumene Lillian anali atafika. Inali chogona, ndipo pakati pa iyo ndi mulu panali kampata kochepa. Anadina batani lozungulila, nthochi inaimilila. Chala chinadinanso chokha, nthochi inagonanso.

"Aha," anatelo Hilary.

Anadinanso, inaimilila. Nsonga yake inali pafupi kukhudza buledi wa pamwamba pa mulu. Anakankhila kumanja, kumanja, kumanja, chala chikutelela ndi thukuta, mpaka nthochi inagunda khoma. Inaima pakamwa pa dzenje kamphindi, kenako inatsetseleka, kutsika, kutsika, mpaka pansi.

Kagalasi kanaphethila. Mizele inayi inazimililika pamodzi, mulu wonse unatsika, ndipo kanalila kanyimbo kena, kaja kosangalala kamene a Chomba ankakamva ali kuseli kwa nyumba n'kudziwa kuti lelo ndiwo zipsa bwino.

"Zagulidwa," anatelo amai Mbumwae motsitsa. Atazindikila kuti anena mawu a mnzawo, anatseka pakamwa ndi chitenje n'kuchoka pagulupo.

A Chomba anachotsa zala pa mabatani. Buledi anatulukila kumwamba, natsika, nakhala pakati. Nsomba inagwela pamwamba pake mopingasa. Mazila anatsatila.

"Sewelani, bambo, malo apezeka," anatelo munthu wina kumbuyo.

"Zotsalazi si zake," anayankha a Chomba.

Anangokagwila m'manja awili, akuyang'ana. Zakudya zinagwa pamalo amodzimodzi, china pamwamba pa chinzake, mulu woipa wa mipata yokhayokha, umene Lillian akanatukwana ataona. Sunachedwe kufika kudenga. Kanyimbo kanatsika mawu n'kuleka.

"Katundu waola," anatelo a Chomba.

Anaimilila, mawondo akulila, napita pa beseni. Hilary anatambasula dzanja kuti alandile, koma a Chomba anamudutsa ngati chitsa. Anawelama, natsegula manja. Chubwi.

Amai Rabecca anakakanikiza pansi ndi kanthambi, akung'ung'udza mawu awo. Timathovu tinatuluka m'mbali. M'madzi obiliwila aja kagalasi kanayamba kuda kuchokela pakona, mdima ukufalikila ngati inki pa nsalu, mpaka konse kanati bii. Kanyali kanazima.

"Manja asiya," anatelo amai Rabecca. "Hilary, tenga chako."

Hilary anakavuula, nakapukuta pa mimba, nadina. Anadina batani lina. Anakagwedeza pafupi ndi khutu, madzi akutsika m'mkono mpaka pa chigongono. Anakamenya pa chikhatho. Anatsegula kumsana, nachotsa mabatili, nawanyambita, nawabwezela. Palibe chinachitika.

"Mwakachita chiyani?"

"Ndinakuuzani, alamu."

"Munadziwa inu. Mwawononga dala katundu wa mbumba."

"Ndinanena pamaso pa anthu onsewa kuti madzi akapha. Inu munati kapu sinafe."

"Kayanike padzuwa," anatelo mkazi wake. "Mwina kauma."

"Khala chete iwe." Nkhope ya Hilary inali itatupa. Anayang'ana uku ndi uku kufuna choti awalande a Chomba, koma munthuyo analibe kanthu. Maso ake anagwela pa jekete yothothoka mabatani ija. "Vulani imeneyo. Ndi thukuta la mlongo wanga."

A Chomba anavula mosafulumila. Malaya a mkati anali atamatilila pa msana. Anaigwila jeketeyo pa kolala, naiyang'ana, kenako anaiponya m'beseni n'kuipondeleza ndi phazi mpaka madzi anasefukila pa mphasa, kunyowetsa zitenje zimene mkazi wa Hilary anali atapinda kale pambali pake.

"Ankaichapa ndi manja ake," anatelo. "Nayonso imile."

Zowamasula pa ukwati zinachitika mwachangu, popanda amene anayang'ana mnzake kumaso. Amai Rabecca ananena mawu oyenela kunena, kuti apongozi ndinu omasuka, mudzi uno ndi wanu mukafuna kudzacheza. Aliyense anadziwa kuti ndi mawu chabe. Hilary sanadikile kuti athe. Anapita ku golosale kwake, kantemba kali m'manja, ndipo masana onse anthu anakaona kali pa malata, pa dzuwa, iye akutuluka pafupipafupi kukadina.

M'mawa mwake a Chomba anamanga zovala zawo m'thumba la feteleza. Sanatsazike nyumba iliyonse. Anadutsa pa manda, anaima pang'ono, koma sanapeze choti anene, poti zonena anali atazinena dzulo lake ndi chala. Anayenda wapansi mpaka pa msewu waukulu, nakwela minibasi ya ku Petauke, nakhala pa windo kudikila kuti idzaze.

Basi yaikulu ya ku Lusaka inaima kutsogolo kwawo, ndipo azimai a nthochi anadzuka n'kuthamanga. Atatha kumeneko anabwelela ku minibasi, akuzungulila mawindo. Beseni lina linakwezedwa pa windo la a Chomba, lodzaza nthochi zakupsa bwino. Linali lophwanyika mlomo. Pansi pake panali mkazi wa Hilary, nkhata ya Lillian ili pamutu, maso ali pa nthochi zake, osaona kuti m'katimo mwakhala ndani.

"Nthochi, bambo, nthochi zotsekemela. Mugulileko ana kunyumba."

A Chomba anagwila galasi la windo n'kulikoka mpaka linatsekeka.